Uta ndi mivi ku Kandeu: chida chomwe chinazimirira anthu ataleka kuchikonza

Chaka ndi chaka, mwezi wa Seputembala ukangoyamba, Angoni a kwa Maseko amasonkhana ku Nkolimbo m'boma la Ntcheu pa mwambo wa Umhlangano, ndipo amuna a ku Kandeu ndi midzi ina ya kwa Inkosi Ganya sasowa m'bwalomo. Amavina ngoma atagwira chishango dzanja lina, chibonga kapena nthungo dzanja linalo. Uta ndi phodo la mivi sizili m'gulu la zida za gule ameneyu, mwakuti mwana wokulira ku Kandeu lero akhoza kuganiza kuti makolo ake sanakokepo uta. Chikhalirecho uta ndi wakale kwambiri m'dera lino kuposa chishango, kuposa ngakhale khasu. Ambiri amati unatha chifukwa unagonja kwa nthungo ya Mngoni ndi mfuti ya Mzungu. Umboni womwe ulipo ukuloza kwina: uta unkakhala moyo chifukwa chokonzedwa kawirikawiri, ndipo unazimirira pamene anthu oukonza anasowa choukonzera.

Mbiri yake imayambira kwa Akafula, omwe ena amati Abatwa, alenje amene Achewa amanena kuti anawapeza m'dziko muno. Kumpoto kwa Ntcheu, m'mapiri a Chongoni ku Dedza, kuli malo 127 a zojambula za pamiyala omwe bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, ndipo zojambula zofiira, zomwe ndi zakale zedi kumeneko, akatswiri amati ndi za alenje amenewa. Mu 1972 katswiri wofukula zakale J. Desmond Clark anakumba m'phanga la Mwana wa Chentcherere napeza timiyala tambirimbiri tosemedwa mwakuthwa, ta mtundu womwe alenje akale a chigawo chino cha Africa ankamatira kunsonga ya muvi. Mtengo, bango ndi chikopa sizikhalitsa m'nthaka ya chiswe ngati yathuyi, choncho chimene chimatsala ndi nsonga basi. Amaravi atabwera ndi ng'anjo zawo, likulu la Kalonga lili ku Mankhamba kufupi ndi Mtakataka, kumpoto kwa chigwa cha Bwanje, nsonga yachitsulo inalowa m'malo mwa kamwala. Utawo sunasinthe kwenikweni: ndodo imodzi yosemedwa, yonenepa pakati, yowonda kunsonga zonse ziwiri.

Mmodzi mwa olemba akale omwe anafotokoza muvi wa kuno mwatsatanetsatane ndi David Livingstone, m'buku la ulendo wake wa ku Zambezi ndi Shire lomwe linatuluka mu 1865. Ankanena za alenje a kuchigwa cha Shire, koma Amang'anja a kumeneko ndi Antumba a kumapiri a Ntcheu onsewo ndi mbumba ya Amaravi. Muvi wawo unali wa zigawo ziwiri. Nsonga yachitsulo yokhala ndi mano obwerera m'mbuyo inkamangidwa zolimba pa kamtengo kotalika masentimita 25 kapena 30, ndipo kamtengoko kankangolowetsedwa m'bowo la bango osamangidwa. Ulembe, mankhwala akupha ochokera ku mbewu za chomera cha kombe, unkapakidwa pa kamtengo kaja m'munsi mwa chitsulo. Nyama ikalasidwa n'kuthawira m'tchire, bango linkagwa lokha, chitsulo ndi ulembe n'kutsalira m'thupi. Bangolo likanakhala lomangirira, likanakola m'zitsamba n'kuzula nsongayo. Nyama ikafa, alenje ankangodula mnofu wozungulira bala n'kutaya, ina yonseyo n'kudya. Kapangidwe kameneka kakuonetsa maganizo a wopangayo. Chinthu chodula, chitsulo cha kwa wosula, chinkabwerera kwa mwini pamodzi ndi nyama. Chotchipa, bango la kudambo, chinkatoledwa panjira kapena kulowedwa m'malo ndi china tsiku lomwelo.

Uta nawo unkafuna manja tsiku lililonse, ndipo zomwe mlenje ankachita ndi zomwe aliyense wokhala ndi uta wamtengo amachita mpaka lero padziko lonse. Nsinga yachikopa kapena ya mitsempha ya nyama imalendewera kukachita chinyezi ndipo imakungika dzuwa likawomba, choncho wokunga uta m'Okutobala ayenera kuukunganso mvula ikagwa. Nsinga yolendewera amaipota kuti ifupike, chifukwa mpata wa pakati pa nsinga ndi chogwirira ukachepa, nsinga imakwapula dzanja ndipo muvi umatuluka mopepeluka; mpatawo ukakulitsa, mtengo umavutika pachabe ndipo muvi sufika patali. Uta wosiyidwa chikungire kwa miyezi umazolowera kupindika n'kutaya mphamvu. Woumitsitsa umachita ming'alu, n'chifukwa chake umafuna mafuta. Bango lokhota limawongoledwa pamoto wapang'ono, nthenga zothothoka zimamangidwanso, ndipo muvi wofewa kwambiri pa uta wolimba umapita kumbali ngakhale wolasayo akhale katswiri. Zonsezi zikufanana ndi njinga ya kabaza: imayenda zaka zambiri, osati chifukwa siwonongeka, koma chifukwa pamsika uliwonse pali munthu wa sipanala ndi sipoko. Uta unali ndi anthu ake otero: wosula, wofufuta chikopa, wodziwa pomera kombe ndi kaphikidwe kake, ndi mkulu wodziwa mtengo woyenera ndi nyengo youdula.

Nzeru ya ulembe inafika kutali kuposa eni ake. John Kirk, dokotala wa ulendo wa Livingstone, tsiku lina anatsuka mano ndi mswachi womwe unali m'thumba limodzi ndi kombe pang'ono. Anamva kuwawa m'kamwa, kenako anaona kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono kusiyana ndi poyamba. Mbewuzo zinatumizidwa ku Britain, komwe Thomas Fraser wa ku yunivesite ya Edinburgh anazifufuza kwa zaka zambiri, ndipo mu 1885 analengeza kuti muli mankhwala a mtima. Posakhalitsa kampani ya Burroughs Wellcome ya ku London inayamba kuwagulitsa, kombe n'kukhala imodzi mwa katundu wotumizidwa kunja kuchokera kuno. Dzina la sayansi la chomeracho, Strophanthus kombe, lasunga liwu la alenje athu, koma mapiri a Ntcheu pamapu amatchedwa Kirk Range. Mlenje amene anayesa mlingo wa ulembe mpaka kudziwa wokwana kugwetsa njati osawononga nyama yake, palibe phiri lotchedwa dzina lake.

Wina anganene kuti zonsezi ndi za Achewa, kuti Kandeu ndi kwa Angoni, ndipo Mngoni sanadalirepo uta. Mbali ina n'zoona. Amaseko atachoka kum'mwera anawoloka Zambezi, nafika mpaka ku Songea m'dziko lomwe lero ndi Tanzania, kenako anabwerera motsogozedwa ndi Chidyaonga nakhazikika ku Domwe cha m'ma 1870. Nkhondo yawo inali yapafupi: chishango chachikulu cha chikopa cha ng'ombe chinkatchinga mivi, ankhondo n'kuthamangira adani asanapake muvi wachiwiri pansinga. Komanso ulembe supha pompopompo, kotero wolasidwa ankatha kumenyabe nkhondo. Pabwalo lankhondo uta unagonjadi. Koma Amaseko ochokera kum'mwera anali ochepa, ndipo ufumu wa Chikuse ndi mwana wake Gomani unakula polowetsa Antumba ndi Achewa ena m'midzi ndi m'magulu ankhondo. Umboni wake uli pakamwa: ku Kandeu anthu amalankhula Chichewa, Chingoni chatsalira m'nyimbo, m'mayina ndi m'ziwongo. Anthu omwe anapatsa Angoni chilankhulo sakanataya njira yawo yopezera ndiwo chifukwa choti apatsidwa chishango. Chishango sichigwetsa gwape, ndipo nthungo siifika kwa nyani ali pamwamba pa thanthwe. Ndiye munthu wa ku Kandeu akati uta si wa makolo ake, akukana agogo ake ambiri n'kusunga ochepa. Chodabwitsa n'chakuti Angoni nawo anabwera ndi uta wawo, koma woimbira: nkangala, kauta ka bango komwe amayi amakaika pakamwa poimba, komwe kwa Azulu kamatchedwa umqangala.

Nanga chinapha uta n'chiyani? Mfuti za gogodera zomwe zinabwera ndi malonda a minyanga ndi akapolo zinachepetsa ulemu wake, koma sizinaumalize, chifukwa onga unali wodula ndipo atsamunda sankafuna mfuti m'manja mwa anthu akuda. Nkhwangwa yeniyeni inagwa pambuyo pa 1896, chaka chomwe asilikali a Britain anapha Inkosi Gomani woyamba. Msonkho wa nyumba unatulutsa amuna a ku Ntcheu m'midzi kupita kuminda ya Azungu ku Blantyre ndi Thyolo, kenako ku Salisbury ndi kumigodi ya ku Joni, ndipo ankachoka pa msinkhu womwe mnyamata amaphunzira ulenje kwa amalume ake. Malamulo a zosaka nyama, kuyambira m'ma 1890 ndipo makamaka la 1926 lomwe amishoni ena analitsutsa poyera, anasandutsa kupha nyama zikuluzikulu kukhala ntchito ya munthu wa chiphaso. Makasu a m'sitolo anazimitsa ng'anjo, ndipo wosula atasowa ogula makasu, mivi yokha sikanamudyetsa. Minda itakula, nyama zinathawa. Palibe chimodzi mwa izi chomwe chinathyola uta. Chilichonse chinangochotsa munthu mmodzi pa mndandanda wa oukonza, mpaka nsinga itaduka panalibe woipota. Anyamata anasamukira ku legeni, chifukwa mphira wa chubu chakutha safuna wosula kapena wofufuta.

Pali otsutsa ena omwe mfundo yawo ndi yolemera: kutsitsimutsa uta n'kuitanira anthu kukapha nyama zochepa zomwe zatsala. Lamulo la National Parks and Wildlife Act la 1992, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017 mpaka kuika zaka 30 m'ndende pa milandu ikuluikulu, silimasewera, ndipo palibe wanzeru angauze mwana kuti aphike ulembe. Koma opha nyama mozemba a masiku ano amadalira waya ndi mfuti, osati bango la nthenga. Ndipo uta unapeza kale ntchito ina yopanda magazi. Areneo David, mnyamata wokulira kumudzi yemwe anaphunzitsidwa ndi Park Young-sook wa ku South Korea, anakhala Mmalawi woyamba kulasa pa masewero a Olympics ku Rio de Janeiro mu 2016, napitanso ku Tokyo mu 2021. Kumeneko chandamale chimakhala pa mtunda wa mamita 70.

Chitsanzo chomwechi chimabala mtsutso womaliza: ngati cholinga ndi masewero, bwanji osangogula uta wamakono n'kuiwala ndodo za agogo? Palibe angakane kuti uta wa ku Olympics umalasa molunjika kuposa wamtengo. Vuto lake ndi lomwe lija linapha wakale. Mapiko ake, nsinga yake ndi mivi yake zonse n'zochokera kunja, zogula ndi ndalama zakunja, ndipo phiko limodzi likang'aluka ku Kandeu palibe mmisiri angalilumikize. Utawo umangogona m'bokosi kudikira wachifundo wina. Uta wamtengo mwana amauona ukusemedwa, ndipo kaimidwe, kakokedwe ndi katayidwe ka nsinga zomwe angaphunzire pamenepo n'zomwezo zomwe adzafune akadzagwira wamakono. Wodulawo uyenera kudikira mwana yemwe waonetsa kale kuti diso ndi phewa ali nazo.

Izi sizikutanthauza kuti uta wakale wopezeka kudenga la nyumba ya agogo uyenera kumangidwa nsinga n'kukokedwa. Mtengo womwe wakhala zaka makumi ambiri mu utsi wauma mpaka mkati, mwina wafumbwa, ndipo ukakokedwa mwadzidzidzi umaphulika n'kuvulaza nkhope. Ukakhala ndi mng'alu wopingasa kumsana kwake, kumbali yoyang'ana chandamale, ntchito yake inatha; kukulunga chikopa kumathandiza ming'alu yotsata utali wa mtengo yokha. Phindu la uta wotere lili m'miyeso yake: utali, kunenepa kwa pakati, momwe ukuwondera, mmene nsinga inkamangidwira kunsonga, ndi mtundu wa mtengo ngati pali wachikulire angauzindikire. Mmisiri wosema mipini angatengere pamenepo n'kupanga watsopano, n'kumaupinda pang'onopang'ono, kupala mbali yolimbayo mpaka mapiko onse awiri azigonja mofanana. Wakalewo upukutidwe, uikidwe chogona pamalo ouma, kapena uperekedwe kumalo osunga za chikhalidwe monga KuNgoni ku Mua, komwe Bambo Claude Boucher anayambitsa ntchito yotere mu 1976, kapena ku Chichiri Museum ku Blantyre. Ngati m'phodo muli mivi ya zinthu zakuda zouma m'munsi mwa chitsulo, isagwiridwe ndi dzanja la bala ndipo ana asaiyandikire, chifukwa ulembe wouma umasunga mphamvu kwa nthawi yaitali.