ZA MABUKU A MWAMUNA NDI MKAZI WACE OLONDOLA MILANDU

Pakati pa mabuku olembedwa m'Cingerezi ulipo mtundu wina umene tifuna kuufotokoza mwezi uno. Ndiwo wa nthano zopeka, m'mene munthu aphedwa kapena cuma cibedwa, koma mwini coipaco sadziwika. Ndipo mwamuna ndi mkazi wace amlondola pamodzi kufikira atampeza. Alembi ambiri aika nthanozo m'masiku a makedzana, kuti wowerenga aone ndi makhalidwe a anthu akale omwe.

Nthano za olondola milandu anaziyamba Edgar Allan Poe wa ku America m'caka ca 1841, ndipo zinabuka ndi Sherlock Holmes, amene Arthur Conan Doyle anamturutsa m'caka ca 1887. Koma Holmes anali wosakwatira, ndi womthandiza wace anali mwamuna mnzace, dotolo Watson. M'caka ca 1922 Agatha Christie wa ku England analemba za mnyamata Tommy ndi namwali Tuppence, amene anagwira nchito iyi pamodzi, nakwatirana, nakalamba pamodzi m'mabuku 5, lotsiriza la m'caka ca 1973. Koma nthano zao zinali za masiku a mlembi mwini.

Amene anabwezera mabanja otere ku nthawi zakale anadza m'mbuyo. M'caka ca 1975 Elizabeth Peters, wophunzira za Egypt wakale, anayamba nthano za Amelia Peabody ndi Emerson, ofukula manda a mafumu a dzikolo kuyambira 1884. M'caka ca 1989 Lindsey Davis anatengera owerenga ku Rome wa masiku a mfumu Vespasian, kumene Falco, munthu wamba, alondola milandu ndi Helena Justina, mwana wa nduna yaikuru.

Koma amene aonetsa bwino mphamvu ya mabuku awa ndiye Anne Perry, amene anayamba m'caka ca 1979, nalemba mabuku oposa 30 a Thomas Pitt ndi mkazi wace Charlotte. Nthano yoyamba icitika m'London m'caka ca 1881. Thomas ndiye wapolisi, mwana wa anthu osauka; pofika ku nyumba za eni cuma amyesa ngati wanchito, namyankha mau awiri okha, natseka citseko. Charlotte anabadwira m'nyumba yolemera, cotero alowa momwemo ngati mlendo, namwa tiyi ndi akazi anzace, namva amene anadana ndi mbale wace, amene ali ndi ngongole, amene sanagone kwao usiku uja. Madzulo awiriwo aika pamodzi zimene apeza, ndipo zidutswa ziwirizo zilumikizana. Mlembi ameneyu anadziwa yekha kuti coipa cibisala ngakhale m'mabanja olemekezeka: pakuti m'caka ca 1954, ali ndi zaka 15, iye ndi bwenzi lace anapha amace a bwenzilo ku Christchurch m'New Zealand. Anakhala m'ndende zaka 5, nasintha dzina, ndipo mbiriyo inaululika m'caka ca 1994. Iye anamwalira m'caka ca 2023.

Kapena wina adzati, Nanga ife a kuno kwa Nzama za ku London zitikhudza bwanji? Tikumbukire umo makolo athu anafunira mwini mlandu. Iwo sanali opanda nzeru iai: analondola mapazi a wakuba mbuzi m'mame a m'mawa, nafunsa mboni pabwalo pamaso pa mfumu ndi nduna zace. Koma pamene mapazi anasowa, makamaka pa imfa yodabwitsa, anapita ku ula, ndi pambuyo pace ku mwabvi. Anasinja khungwa la mtengowo, nalisakaniza ndi madzi, nampatsa woganiziridwa. Akasanza, anati wayera. Akafa, anati ndiye mfiti. Nthawi zina anamwetsa nkhuku kapena garu m'malo mwa munthu. Koma khungwa liribe maso kapena makutu, ndipo ambiri osacimwa anatha nalo m'dziko lino la Angoni. Ansembe a Montfort pofika kwa Njobvuyalema m'caka ca 1901, patapita zaka 5 ciphedwere Gomani, anapeza mwambowo ulipobe. Ndipo m'caka ca 1911 Boma linaika lamulo loletsa mwabvi ndi kunenera munthu ufiti.

Lamulo linacotsa cikho ca mwabvi, koma silinacotse changu ca kuloza cala. Kufikira lero timva za nkhalamba zopitikitsidwa m'mudzi, zina zophedwa ndithu, popanda mmodzi wofunsa kuti, Anaona ndani? Anamva ndani? Wakufayo anadwala ciani? Mafunso awa ndiwo mtima wa mabuku tanenawa, ndipo m'menemo afunsidwa ndi anthu awiri, pakuti mutu umodzi susenza denga. Tidziwa tonse kuti zimene zinenedwa kumtondo ndi kucitsime sizifika zonse kubwalo, ndi zimene akamba amuna kubwalo akazi sazimva zonse. Mlandu woweruzidwa ndi mbali imodzi yokha uli ngati nyumba yofoleredwa theka.

Cifukwa cace tipempha inu akuru oweruza kumidzi, musanyoze mau a amai pofufuza mlandu. Ndi inu eni mabanja, mukamva mbiri yoipa ya mnansi, muyambe mwaiyesa awiri m'nyumba musanaiturutse kunja. Ndipo inu anyamata ndi asungwana odziwa kulemba, mapiri a Ncheu ali nazo nkhani za masiku a Gomani zokwanira mabuku ambiri. Tikhumba kuwerenga tsiku lina m'cinenero cathu nthano ya nduna ndi mkazi wace, amene anapeza wakupha weniweni cikho cisanafike pakamwa pa wosacimwa.