Chenjezo la mvula ya mabingu linachokera kuti?

Anzanga a m'kalabu, Novembala akangokwana nkhani kuno ku Nsaru, Kabudula mpaka Namitete imakhala imodzimodzi: malata a tchalitchi asasuka, matalala aboola fodya, mphenzi yapha ng'ombe kudambo. Ndipo ikapha munthu, ambirife timathamangira kunena kuti wina wachita kutumiza. Ine ndinafuna kudziwa kuti anthu anayamba liti kuufufuza mtambo wakudawu.

Mu 1946 ku America kunayamba kafukufuku wotchedwa Thunderstorm Project, motsogozedwa ndi Horace Byers. Nkhondo yachiwiri inali itangotha, ndege zankhondo zili mbwee. Ndiye anazitenga n'kumaziulutsa dala kulowa m'kati mwa mitambo ya mabingu, koyamba ku Florida, chaka chotsatira ku Ohio. Tangoganizani, ife tikubisala kunsi kwa bedi, wina akulowamo mwadala!

Anapeza kuti mtambo wotere uli ndi moyo wake. Dzuwa likatentha nthaka, mpweya wofunda wachinyezi umakwera msanga, n'kuzizira kumwambako, mtambo n'kumakula ngati chulu. Madontho ndi matalala zikalemera zimagwa, zikukokera mpweya wozizira pansi. Mpweyawo ukamenya nthaka umabalalika mbali zonse. Ndiye kamphepo kozizira kaja timamva mvula isanafike, ndipo kakakula ndi komwe kamanyamula madenga. Zonsezi zimatha kuchitika ola lisanakwane. Apa ndiye pali vuto: namondwe wa panyanja amaoneka masiku angapo asanafike, koma mtambo wa ku Mpingu umabadwa masana, pofika madzulo wawononga kale.

Kuno kwathu taphunzira ndi maliro. Mu Malichi 1991 madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe, anthu mazanamazana n'kufa. Akuluakulu amati Napolo wadutsa. Chaka chomwecho boma linakhazikitsa lamulo lokonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mu 2017 kunayamba pulojekiti ya M-CLIMES, ndi thandizo la Green Climate Fund ndi UNDP, yomwe inabweretsa makina oyeza nyengo okhaokha komanso ozindikira pomwe mphenzi yang'anima. Pafupi nafe pompa, ku Chitedze, palinso malo oyezera nyengo, ngakhale ambirife timangodutsa pa kabaza osalabadira.

Komabe mu Malichi 2023 Freddy, namondwe amene anakhala masiku 36, anapha anthu oposa 600 m'chigawo cha kummwera, ena mazana osapezeka mpaka lero. Anthambi ya zanyengo anali atachenjeza, eti. Uthenga unamveka pa wailesi, koma munthu wa ku Chilobwe akanathawira kuti? Kwa ine, makina apita patsogolo kuposa njira yofikitsira uthengawo kwa mayi amene ali kudimba opanda foni.

Pomwe tikudikira zimenezo, pali kachiyeso kosafuna bandulo. Mukaona kung'anima, werengani masekondi mpaka bingu limveke: masekondi atatu ndi pafupifupi kilomita imodzi. Likamveka musanafike pa 30, mpira uime, aliyense alowe m'nyumba. Pansi pa mtengo wa mango paja timakonda kuusapo mvula pabwalo lathu, ayi ndithu.