Usipa wathu unafika bwanji m'miphika ya kwa Nchilamwela

 Lero ndalemba zazitali, amene bandulo yakutherani mudzawerenga mawa.

Ife ana a asodzi tikakweza matumba a usipa pa lole ku Msaka kapena ku Makawa timangoti "wapita ku Limbe", nkhani n'kuthera pomwepo. Koma Limbe ndi pongodutsira. Wina umakathera ku Thyolo, m'midzi ya kwa Nchilamwela yomwe yapanikizika pakati pa minda ya tiyi, ndipo njira imeneyi si ya dzulo ayi.

Tiyi anayamba kudzalidwa ku Mulanje mu 1891, kenako n'kufalikira ku Thyolo, komwe esiteti ya Satemwa inatsegulidwa mu 1923. Malo anali atatengedwa kale ndi azungu m'nthawi ya Harry Johnston. Ogwira ntchito ambiri anali Alomwe ochokera ku Mozambique, othawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Atafika kuno anapeza thangata: ukakhala pamalo a mzungu, lendi yako inali kumugwirira ntchito. Thangata anathetsedwa mu 1962, koma kuchepa kwa malo kulipobe mpaka lero.

Tsono taganizani. Munthu alibe busa la ng'ombe, kamunda n'kakang'ono, nyanja ili kutali, tsiku lonse ali m'tiyi ndi dengu kumsana. Ndiwo yankhuli aipeza kuti? Nsomba youma ndiyo inayankha funso limeneli. Siiwola msanga, imapepuka, ndipo umatha kugula kamulu kamodzi kogwirizana ndi ndalama ya tsikulo.

Oyamba kudyetsa anthu amenewa sitinali ife kwenikweni. Anali anzathu a ku nyanja ya Chilwa, yomwe ili pafupi. Amalonda ankamanga madengu a matemba, makumba ndi milamba yowamba panjinga n'kupalasa mpaka kumaesiteti. M'zaka za m'ma 1930 Agiriki a banja la Yiannakis anayamba usodzi waukulu ku Fort Johnston, Mangochi ya lero, n'kumatumiza nsomba pa malole kumtunda, ndipo eni maesiteti anali ena mwa ogula, kuti aziwonjezera pa phoso la antchito. Koma Chilwa ndi nyanja yosadalirika. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995. Chambo nacho chinayamba kusowa, moti masiku ano usipa ndi woposa theka la nsomba zonse zophedwa m'Malawi muno. Chilimira ndi nyali za usiku ndizo zikudyetsa othyola tiyi.

Chomwe chimandisangalatsa ine ndi kaphikidwe kake, chifukwa mbiri yonseyi imaonekera mumphika. Kwathu usipa timauphika wauwisi, wodzadza poto, mchere ndi tomato basi, aliyense n'kumatapa mosawerenga. Kumtunda sangatero, ndalama yake ili kuti? Kumeneko usipa wa m'dzanja limodzi uyenera kukometsa ndiwo ya banja lonse. Mayi amayamba kudula mitu ndi kuchotsa zam'mimba, poti kuwawa kumakhala mmenemo. Amauviika m'madzi ofunda kanthawi kuti mchenga utsike pansi. Ena amayamba aukazinga pa chiwaya chopanda mafuta mpaka fungo lituluke, kenako anyezi, tomato, timadzi pang'ono. Mafuta akasowa, nsinjiro zimagwira ntchito, msuzi n'kulemera bwinobwino. Ndiye pali kuuponya mu chigwada chosinja, m'nkhwani kapena mu kholowa, pomwe nsomba siikhalanso ndiwo payokha, imasanduka chokometsera ngati mchere. Bonya, uja timamunyoza kuno, amamukazinga n'kumusinja kukhala ufa wothira m'phala la mwana. Mwanayo amadya ndi minga yomwe, ndipo ndi mingayo imalimbitsa mafupa.

Nzeru yotereyi ili ndi abale ake kutsidya la malire. Ku Quelimane ndi m'mbali mwa nyanja yamchere ku Zambézia, chigawo chomwe Alomwe ambiri anachokera, amayanika tizilombo ta m'madzi tomwe Apwitikizi amati camarão. Timeneti amatiphika m'masamba a chinangwa osinja pamodzi ndi mtedza ndi koko, ndiwo yomwe amaitcha matapa. Nakonso kamulu kochepa kamanunkhiritsa mphika wonse. Ine ndimaona ngati usipa mu chigwada cha ku Thyolo ukugwira ntchito imodzimodziyo.

Apa ndi pomwe nkhaniyi ikutikhudza, achimwene. Amene akugula kamulu kamodzi alibe nsomba yotaya. Tikayanika pamchenga m'malo mwa pathandala, iye amaviika kawiri katatu, kukoma n'kupita ndi madzi. Tikalonga m'thumba usanaume kuti tithamangire lole, pofika ku Bvumbwe wayamba kale kuwawa ndi kufumbutuka. Wofutsa, uja timayamba tauviika m'madzi owira amchere tisanauyanike, umakwera mtengo chifukwa suwawa ndipo umafika uli woyera, koma nkhuni zake ndi zomwe zikutimalizira mitengo m'mapiri a kwathu. M'miyezi ya mvula, pomwe usipa umavuta kuuma kuno, ndi pomwenso tiyi amaphuka kwambiri ndipo maesiteti amalemba anthu ochuluka. Nthawi yomwe akutifuna kwambiri ndi yomwe timawatumizira woipitsitsa.