Kambalame kamene kanapusitsa ophunzira

Amene munakulira kufupi ndi dambo mukuzidziwa mbalame zija zimabisala m'mabango, zazala zitalizitali, zimene ukazidzidzimutsa zimayamba zathamanga kaye, ndipo zikati ziuluke zimangopita pang'ono miyendo ili lende, basi n'kugweranso m'udzu. Ambiri timangoti nkhuku za m'madzi. Akatswiri a mbalame amaziika m'banja limodzi lotchedwa Rallidae, momwe muli mitundu pafupifupi 150 tikawerengera ndi ina imene inatha posachedwapa. Zimapezeka m'makontinenti onse kupatula ku Antarctica. Chodabwitsa n'chakuti mbalame zooneka zofooka mapiko zimenezi zinapezeka pa zilumba zakutali zedi, pakati penipeni pa nyanja zamchere. Zinafikako bwanji? Funso limeneli linazunguza mitu ya anthu ophunzira, ndipo yankho lolakwa linakhala m'dzina la kambalame kena kwa zaka zoposa 90.

Kuti timvane bwino, tiyambe ndi kapatsidwe ka maina. Kuyambira m'chaka cha 1758, pamene Carl Linnaeus wa ku Sweden anakhazikitsa njira yake yotchulira nyama, cholengedwa chilichonse chimapatsidwa maina awiri a Chilatini. Loyamba lili ngati mfunda, loti Phiri kapena Banda, ndipo limasonyeza abale ake. Lachiwiri ndi la mtundu wake weniweni. Mtundu umodzi ukamwazikana m'madera osiyanasiyana n'kuyamba kusiyana pang'ono maonekedwe, amawonjezera dzina lachitatu losonyeza nthambi. Ndiye kuti wopereka dzina amakhala akunena za chibale, ndipo pa nkhani ya chibale munthu akhoza kuphonya.

Kum'mwera kwa nyanja ya Atlantic kuli kachilumba kotchedwa Inaccessible, kamodzi mwa zilumba za Tristan da Cunha zimene zili m'manja mwa Britain. Dzina lake likutanthauza malo osafikika, poti n'kozunguliridwa ndi maphompho. Kuchokera pamenepo kukafika ku Cape Town ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 2,800, ndipo ku South America n'kutali kuposa apo. M'chaka cha 1871 anyamata awiri apachibale a ku Germany, Gustav ndi Frederick Stoltenhoff, anakakhala pa kachilumbaka poganiza kuti alemera ndi zikopa za nyama za m'nyanja. Chuma sichinaoneke, njala ndiyo inawakwapula. Mu 1873 sitima yofufuza za m'nyanja ya Angerezi, HMS Challenger, inawanyamula, ndipo iwo anafotokozera akatswiri a m'sitimamo za kambalame kakuda, kang'onong'ono ngati mwanapiye, kosauluka, kamene kamathamanga m'udzu ngati mbewa. Akatswiriwo anachoka osakagwira.

Panapita zaka 50. Mu 1922 sitima ya Quest, ya ulendo womaliza wa Ernest Shackleton, inadutsa kumeneko koma nayonso inalephera. Amene anakwanitsa ndi wansembe wa Anglican pa Tristan da Cunha, Henry Martyn Rogers, yemwe anapeza zikopa za kambalameka n'kuzitumiza ku London. Mu 1923 Percy Lowe, katswiri wa mbalame ku British Museum, anakapatsa dzina lakuti Atlantisia rogersi. Dzina lachiwirilo linali lothokoza wansembe uja. Loyambalo ndiye panagona nkhani. Lowe ataona timapiko take tosathandiza anati kambalame aka sikanaulukepo chiyambire, choncho makolo ake anafika pa chilumbapo wapansi, podutsa pa mtunda umene unamira m'nyanja kalekale. Anakatcha dzina la Atlantis, dziko la m'nthano za Agiriki limene ati linamezedwa ndi madzi.

Tisamuseke msanga Lowe. Masiku amenewo ophunzira ambiri ankakhulupirira za mitunda yomira yolumikiza makontinenti, ndipo aliyense woona nkhuku ya m'madzi ikuvutika kuwoloka dambo sangaganize kuti ingawoloke nyanja. Koma chilumba cha Inaccessible chinabadwa ndi kuphulika kwa phiri la moto pansi pa nyanja, ndipo sichinagundanepo ndi kontinenti iliyonse. Mu 1973 Storrs Olson wa ku America anaika mbalame zina ziwiri zosauluka zimene zinatha, ya ku St Helena ndi ya ku Ascension, pa mfunda womwewo wa Atlantisia. Pambuyo pake akatswiri anazichotsapo ataona kuti kufanana kwa mafupa awo kunadza chifukwa cha moyo wofanana wa pa chilumba.

Umboni woti mbalamezi zimauluka kutali tili nawo konkuno. Pali mbalame ya m'banja lomweli yotchedwa Crex crex, dzina lotsanzira kulira kwake. Imaswana m'minda ya udzu ku Ulaya ndi ku Asia, koma kukayamba kuzizira kumeneko imanyamuka, kuuluka usiku, mpaka kudzafika ku Zambia, Malawi, Zimbabwe ndi maiko oyandikana nawo m'nyengo yathu ya dzinja. Ikafika kuno imakhala duu m'udzu, n'chifukwa chake ambiri sitidziwa kuti tili ndi mlendo. Paja tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Mbalame yotere ikakankhidwa ndi mphepo yamkuntho usiku, m'mawa imapezeka pamwamba pa nyanja, ndipo yamwayi imatera pa chilumba.

Mlandu wa kambalame ka Lowe unagamulidwa mu 2018. Martin Stervander ndi anzake, pounika DNA yake, anapeza kuti abale ake enieni ali ku South America, ndipo makolo ake anafika pa Inaccessible zaka pafupifupi 1.5 miliyoni zapitazo. Anafika ndi mapiko. Potsatira zimenezi kambalameka kanasamutsidwira ku mfunda wa Laterallus, wa timbalame ta m'madambo a ku America, ndipo dzina la Atlantis linafufutidwa. Lero ndi kambalame kakang'ono kuposa mbalame zonse zosauluka zimene zili ndi moyo, kolemera magalamu osapitirira 50.

Nanga mapiko anapita kuti? Kuuluka kumadya mphamvu zambiri. Minofu ya pachifuwa imafuna chakudya, ndipo pa chilumba chopanda mphaka, khoswe kapena njoka, mbalame ilibe choithawa. Anapiye obadwa ndi mapiko aang'ono amakhuta msanga n'kuswana bwino, ndipo pakapita mibadwo yambiri mtundu wonse umakhala woyenda pansi. Zimenezi zachitika kambirimbiri m'banja la Rallidae, chilumba chilichonse pachokha.

Chitsanzo chogwira mtima chili kufupi ndi kwathu kuno, m'nyanja ya Indian. Ku Madagascar kuli mbalame yapakhosi poyera yotchedwa Dryolimnas cuvieri, ndipo imauluka. Pa chilumba cha Aldabra, cha dziko la Seychelles, pali nthambi yake yotchedwa aldabranus, imene siuluka. Mu 2019 Julian Hume ndi David Martill anaonetsa kuchokera ku mafupa akale kuti pa Aldabra panali kale mbalame yosauluka ya mfunda womwewu, koma chilumbacho chinamira zaka pafupifupi 136,000 zapitazo ndipo zonse zinafa. Madzi ataphwa, zina zinaulukanso kuchokera ku Madagascar, n'kutayanso mapiko kachiwiri pa malo omwewo. Mwa mbalame zonse zosauluka za pa zilumba za chigawo chimenechi, kuphatikizapo dodo wa ku Mauritius, yatsala ndi imeneyi yokha.

Panali nthambi yachitatu, abbotti, pa chilumba choyandikana nacho cha Assumption. Anthu atakhazikika pamenepo mu 1908 kudzakumba zitosi za mbalame zopangira feteleza, anagwetsa mitengo, ndipo pasanapite nthawi yaitali mbalameyo inatheratu. Apa m'pamene dzina lachitatu limapweteka. Poti m'mabuku inali nthambi chabe, ndipo mtundu wake udakalipo wambiri ku Madagascar, imfa yake siwerengedwa pa mndandanda wa mitundu imene inatha. Chimodzimodzinso ya pa Aldabra: malinga ikutchedwa nthambi, imabisika pansi pa dzina la abale ake ochuluka. N'chifukwa chake akatswiri ena akuti iziwerengedwa payokha.

Mbiri ya mbalame zosauluka za m'banjali ndi yodzaza ndi maliro. Ya pa chilumba cha Wake m'nyanja ya Pacific inatha pofika 1945, itadyedwa ndi asilikali a Japan amene anatsekeredwa pamenepo opanda chakudya pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ya ku Guam, imene eni ake amaitcha ko'ko', inasesedwa ndi njoka yobwera ndi sitima nkhondoyo itatha. M'zaka za m'ma 1980 zotsala zochepa zinagwidwa n'kumaswetsedwa m'zikwere, kenaka n'kukatulidwa pa zilumba za Rota ndi Cocos. Mu 2019 bungwe la IUCN linaichotsa pa gulu la zolengedwa zimene zinatha m'tchire. Yapulumukira m'kamwa mwa mbuzi.

Kambalame ka pa Inaccessible kadakalipo chifukwa cha maphompho aja. Pa chilumbapo palibe khoswe kapena mphaka, ndipo mu 2004 chinaikidwa m'gulu la malo otetezedwa ndi UNESCO. Koma mu Malichi 2011 sitima yonyamula soya yotchedwa Oliva inagunda miyala pa chilumba cha Nightingale, pamtunda wa makilomita ochepa chabe. Mafuta anatayikira m'nyanja, ndipo anthu a ku Tristan anathamangira kukatchera misampha poopa kuti makoswe a m'sitimamo angatsikire kumtunda. Mwamwayi sanatsike. Lowe analakwitsa dzina ndipo ena anadzalikonza patapita zaka 95, mbalame ili chikhalire m'udzu wake. Khoswe mmodzi wa bere akadzakwera maphompho a Inaccessible, sipadzakhalanso wokonza.