Dzimbiri

Dzimbiri ndi zofiirira zija zimatuluka pa chitsulo chikakhalitsa pa chinyontho ndi mpweya. Anthu amati khasu "lachita dzimbiri", ndipo zikafika poipa amati "ladyeka".

Kwa Mnkhanya, m'boma la Mambwe, mawuwa amamvekanso pokonza magalimoto akale onyamula alendo okaona nyama ku South Luangwa. Land Rover yakale, mtundu womwe unayamba kupangidwa mu 1948, ili ndi thupi la aluminiyamu losachita dzimbiri, koma chesesi yake ndi yachitsulo. Matope a m'chigwa cha Luangwa akamatirira kunsi m'dzinja, amasunga chinyontho mpaka chitsulocho kubooka.

Amakanika amapala, kudula podyekapo, kuwotcherera chigamba chatsopano, kenako n'kupaka penti yoteteza.