Nkhono za ku Chembe

Mu 1992 anthu awiri a ku America, ogwira ntchito m'bungwe la Peace Corps, anadwala mwakayakaya atasambira ku Cape Maclear m'boma la Mangochi. Madokotala anapeza kuti ndi likodzo, ndipo mazira a tizilombo take anali atafika mu ubongo mwa wina ndi mumsana mwa winayo. Nthawi imeneyo alendo ankauzidwa kuti madzi oyera a Nyanja ya Malawi alibe matendawa.

Chaka chotsatira bungwe la CDC la ku America linayeza magazi a anthu akunja 955 okhala m'Malawi, ndipo 32 mwa 100 alionse anapezeka kuti tizilombo ta likodzo tinawalowapo. Kukodza magazi sikunali kwachilendo kwa ana a m'mbali mwa nyanja, koma nkhani inamveka patali pamene mlendo anadwala.

Amene anathandiza kumasulira mwambi wa mmene likodzo linafikira m'madzi oyerawa sanali dokotala wa anthu. Jay Stauffer, wa ku yunivesite ya Penn State, ankamira m'madzi a ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear komweko, kuyambira m'zaka za m'ma 1980, n'kumawerenga nsomba. Zaka zikupita anaona kuti nsomba yodya nkhono yotchedwa Trematocranus placodon, yomwe imaphwanya chigoba ndi mano a kukhosi, ikusowa m'madzi osaya. Makoka anali ataikokolola, ngakhale kuti nyanja ya m'derali ndi paki yotetezedwa kuyambira 1980. Nsomba zikuchepa, nkhono zinkachulukana pamchenga, pomwepo pamene amayi amatsukira mbale ndi kuchapa, ana akusewera m'madzi.

Vuto linali loti nkhono yodziwika ndi kufalitsa likodzo, Bulinus globosus, imakonda madzi odekha a m'timitsinje ndi m'bango. Nanga pamchenga wa mafunde matenda ankachokera kuti? Yankho linabwera mu 2001, pamene Henry Madsen wa ku Denmark ndi anzake anasonyeza kuti nkhono ina, Bulinus nyassanus, yopezeka m'nyanjayi mokha, nayonso imasunga tizilomboto. Imadzikwirira mumchenga, moti wosambira saiona.

Ndalama zokulirapo zinabwera mfundoyi itaoneka kale kuti ili ndi mutu. Mabungwe awiri a boma la America, NSF ndi NIH, anathandiza kafukufukuyu kudzera m'thumba lawo lofufuzira mmene chilengedwe chimakhudzira matenda opatsirana. Akatswiri anatha tsopano kubwerera chaka ndi chaka, kuwerenga nkhono ndi nsomba, ndi kuyeza mikodzo ya ana a sukulu. Ntchito yoyambirira ija, ya munthu womira ndi cholembera chake, inali yotsika mtengo kwambiri, koma popanda iyo palibe amene akanaganiza zofunsa msodzi za matenda a m'chikhodzodzo.

Mankhwala a likodzo, praziquantel, amagawidwa m'sukulu za m'mbali mwa nyanja ndipo amachiritsa. Sateteza mwana kuti asatengenso matendawa akabwerera kukasamba pamchenga womwe uja.