Za Kapimidwe ka Odwala ku Chipata, ndi Nthenda ya Cithokomiro

Itatha nkhondo ya Angoni a Mpezeni mu 1898, Azungu anamanga boma lao mu 1899 nalicha Fort Jameson, ndiwo mzinda umene lero uchedwa Chipata. Caka comweco amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anakhazikika pa Magwero, ndipo mu 1903 anatsegula Madzimoyo. Zipatala zazikulu za mishoni zinadza pambuyo. Ca Mwami, ca mpingo wa Seventh-day Adventist, cinayamba mu 1927 ndi Dr E. G. Marcus, ca St Francis ku Katete cinayamba mu 1948 ndi Dr Francis Trefusis, amene anali dotolo ndiponso wansembe. Dr James Cairns anafika ku Katete mu 1958, nagwira nchito komweko kufikira 1996.

Munthu wozolowera zipatala za masiku ano sangamvetse msanga kusowa kwa zipangizo kumene madotolo oyambawo anapirira. Odwala anali kufika pa macila kapena pa njinga, nthenda itakula kale, ndipo dotolo analibe makina oonera m'kati mwa mimba. Cimene anali naco ndico maso, makutu ndi zala, pamodzi ndi kagalasi koyesera kutentha kwa thupi, galasi lokuza tizilombo ta m'mwazi, ndi mpira womvera m'cifuwa. Koma zala zimenezo sizinali zala wamba ai, pakuti zinalandira nzeru za anthu ambiri a maiko akutali. Mu 1761 Leopold Auenbrugger wa ku Austria, mwana wa munthu wogulitsa vinyo, analemba kuti cifuwa cigogodedwe monga mbiya: cokhala ndi mpweya cimalira, codzala madzi ciyankha mogonthera. Mu 1816 René Laennec wa ku Paris anapinda pepala, naika nsonga yina pa cifuwa ca wodwala ndi yina pa khutu lace, nazizwa kumva mtima ukugunda momveka bwino. Pepalalo ndilo kholo la mpira uja upacikidwa m'khosi mwa dotolo ali yense.

Ndulu anthu a kuno anaidziwa kale lomwe, Azungu asanafike. Wosenda mbuzi ali yense adziwa kuti kathumba kobiriwira kokhala pansi pa ciwindi kakaphulika, nyama yonse iwawa. Ndulu ya ng'ona anthu amaiopa kuti ndi ciphe, ndipo Angoni anali ndi mwambo wa kumanga ndulu ya ng'ombe, imene aicha nyongo, pamutu pa munthu amene ng'ombeyo yaphedwera. Cimene madotolo anabwera naco ndi njira ya kufunsa ndulu ya munthu wamoyo. John B. Murphy wa ku Chicago anaphunzitsa kuti dotolo alowetse zala pansi pa nthiti za kudzanja lamanja, nauze wodwala kuti akoke mpweya kwambiri. Pokoka mpweya ciwindi cimatsika, ndipo ndulu ikakhala yotupa igunda zalazo; pomwepo wodwala adukiza mpweya mwadzidzidzi cifukwa ca ululu. Ludwig Courvoisier wa ku Basel, mu 1890, anaona kanthu kena: munthu wa cikasu, amene ndulu yace imveka yaikulu koma yosapweteka, kawirikawiri alibe miyala m'ndulu, koma pali cotupa coipa cimene catseka njira yace.

Komatu miyala ya m'ndulu, imene inabvuta Azungu kwambiri kwao, inali yosowa pakati pa anthu a m'midzi ya mu Africa, monga Dr Denis Burkitt anaonetsa m'zaka za 1970 atafunsa zipatala zambiri za mishoni. Kuno maso acikasu anali kuloza kwina: ku malungo, ku nthenda yotupitsa ciwindi, kapena ku kansa ya ciwindi, imene mwa zina idza ndi cuku ca pa nsawawa ndi cimanga zosauma bwino. Dotolo wotsata buku la ku Ulaya mwakhungu akadasokera. Makina a ultrasound, amene Ian Donald wa ku Glasgow anawalengeza mu 1958, ndiwo anadzathetsa kukaika, cifukwa aonetsa mwala m'ndulu popanda kung'amba munthu. Koma anafika m'zipatala za m'midzi patapita zaka zambiri.

Nthenda ya shuga inali ndi mboni zace zosalipidwa, ndizo nyerere. Asing'anga a ku India analemba kale kwambiri kuti nyerere ziunjikana pa mkodzo wa munthu wa ludzu losatha ndi wowonda, ndipo Thomas Willis wa ku England ananena mu 1674 kuti mkodzo wotere uzuna ngati uci. M'zipatala zazing'ono nchitoyi inagwiridwa ndi madzi obiriwira ngati thambo a Benedict: mthandizi wa dotolo anadonthezamo madontho 8 a mkodzo, nawiritsa pa kanyali, ndipo madziwo akasanduka acikasu kapena ofiira ngati njerwa, shuga alipo. Mankhwala a insulini anapezeka ku Toronto mu 1921, koma safuna kutentha. Cifukwa cace odwala a kumidzi anaphunzitsidwa kusunga kabotolo kao mu mtsuko wa dothi wokhala ndi mcenga wonyowa.

Koma nthenda imene inaonekera koposa zonse, yosafuna ngakhale kubvula malaya, ndiyo cithokomiro, cotupa ca kutsogolo kwa khosi. Cinali cofala kotero kuti ambiri sanaciyese nthenda konse, makamaka cikakhala cacing'ono pa mtsikana wotha msinkhu kapena mai wapakati. Cikakula anthu anapita kwa sing'anga kukatemera mphini, ndipo madotolo anali kuona makosi a zipsera zambiri, cotupa ciri cikhalire.

Kapimidwe kace nkosavuta, ndipo sikanasinthe kufikira lero. Dotolo aima kumbuyo kwa wodwala, naika zala za manja onse awiri pa khosi, nampatsa madzi kuti ameze. Cotupa cikakwera pomeza ndi kutsikanso, ndiye kuti ciri m'kanyama kochedwa thyroid, cifukwa kanyamako nkomangika ku kholingo. Mwanabele kapena cithupsa sicikwera ai. Kanyama kameneka kali pakhosi pa munthu ali yense, kooneka ngati gulugufe wotambasula mapiko, ndipo katulutsa m'mwazi madzi olamulira cangu ca thupi lonse. Kakacita mopitirira, munthu awonda ngakhale adya kwambiri, zala zinjenjemera, mtima uthamanga, ndipo nthawi zina maso atong'oka, monga Robert Graves wa ku Dublin anafotokoza mu 1835. Kakafooka, munthu amva kuzizira, alankhula mozengereza, khungu liuma. Mu 1946 Hugh Pemberton wa ku England anaonjezapo ciyeso cina: wodwala akweze manja onse m'mwamba, nkhope ikadzala mwazi ndi kupuma kukabanika, cotupaco catsikira m'cifuwa ndipo cifuna mpeni.

Nanga cimene citupitsa khosi nciani? Kanyama kaja sikangapange madzi ace popanda ayodini, kanthu kamene thupi lifuna pang'ono zedi, kotero kuti supuni imodzi yaing'ono ikwanira moyo wonse wa munthu. Ayodini acuruka m'nyanja yamcere ndi m'nsomba zace. Koma dziko lokwera ndi lakutali ndi nyanja, monga Zambia, mvula yalikokolola zaka zosawerengeka, ndipo nthaka yace, cimanga cace ndi madzi a m'zitsime zace ziri ndi ayodini wocepa. Mcere umene makolo anaceza m'phulusa la zitsamba ndi m'dothi la m'madambo unakoleretsa ndiwo, koma sunakwaniritse kusowako. Tsono kanyamako, posowa cogwirira nchito, kamakula poyesa kukoka ayodini ali yense wopezeka m'mwazi. Kumene anthu adya cinangwa cowawa cosabviika bwino bvuto likula, pakuti m'cinangwamo muli kanthu kotsekereza ayodini.

Cotupa ceniceni ndico cocepa pa zoipa za nthendayi. Mai wosowa ayodini angapite padera, kapena angabale mwana wosakula msinkhu, wogontha ndi wosalankhula, wa nzeru zopelewera. Ndipo pa mwana mmodzi wotere pali ana ambiri ooneka bwino, amene nzeru zao zinapunguka asanabadwe, nadzachedwa mbuli pa sukulu popanda wodziwa cifukwa cace. Ici zala za dotolo sizikanatha kucikhudza.

Mankhwala anadziwika msanga. Bernard Courtois wa ku France anapeza ayodini mu 1811 m'phulusa la ndere za m'nyanja, ndipo mu 1820 Jean-François Coindet wa ku Geneva anayamba kupatsa odwala cithokomiro. Theodor Kocher wa ku Bern anakonza njira ya kucotsa cotupaco munthu osafa ndi kutaya mwazi. Ndiyenso anacenjeza mu 1883 kuti kucotsa kanyama konse kusandutsa munthu wofooka thupi ndi nzeru. Analandira mphotho ya Nobel mu 1909. Umboni woposa unacokera ku Akron m'dziko la America, kumene David Marine anayamba mu 1917 kupatsa ayodini atsikana a pa sukulu. Mwa atsikana 2,190 olandira, 5 okha ndiwo anatupa khosi. Mwa 2,305 osalandira anatupa 495. Dziko la Switzerland linayamba kuthira ayodini mu mcere mu 1922, ndipo America mu 1924.

Apa mpamene mbiriyi icititsa cisoni. Cipatala ca Mwami cisanatsegulidwe, njira yoletsera nthendayi inali itadziwika, ndipo mtengo wace unali wocepa koposa wa mankhwala ena ali onse. Koma boma la atsamunda silinalamule kuti mcere wa m'masitolo uthiridwe ayodini, ndipo madotolo anatsala ndi nchito yowawa ya kudula zotupa cimodzi cimodzi, pamene m'midzi zinali kumera zina mazanamazana. Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma linakhazikitsa bungwe la National Food and Nutrition Commission mu 1967, ndipo mu 1971 anthu anapimidwa m'zigawo za dziko. Cipangizo ca kafukufuku ameneyo cinali comwe cija, zala pa khosi; ndipo anapeza kuti pafupifupi theka la opimidwawo anali ndi cithokomiro, cacikulu kapena cacing'ono. Lamulo la mcere linalembedwa mu 1978, koma linagona m'mabuku wopanda wolitsata.

Mu 1990 atsogoleri a maiko anasonkhana ku New York pa nkhani za ana, nalonjeza kuthetsa kusowa kwa ayodini. Mu 1993 ana a sukulu a m'Zambia anapimidwanso, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu anapezeka ndi khosi lotupa. Pamenepo lamulo linakonzedwanso mu 1994, nayamba kuligwiritsa nchito. Cinathandiza ndi cakuti mcere wambiri wa m'dziko muno ucokera kunja, makamaka ku Botswana ndi ku Namibia, kotero kuti ungayesedwe pa malire usanalowe. Wobvuta ndi uja wophikidwa pang'onopang'ono m'madera monga Kaputa ndi Kasempa. Coyesera cace ndi kabotolo kakang'ono kokwana m'thumba la malaya: woyang'anira za umoyo adontheza dontho limodzi pa mcere, ndipo mcere wa ayodini usanduka wobiriwira modera, pamene wopanda ayodini ukhala woyera cikhalire.

Cithokomiro cacing'ono ca mwana cimaphwa akayamba kudya mcere wotere. Koma cacikulu, cokhala zaka makumi ndi kucita mfundo zolimba, siciphwa ai. Cifukwa cace amai acikulire obadwa lamulo lisanagwire nchito afikabe ku Chipata Central Hospital ndi ku St Francis ndi makosi olemera, ena atayamba kubanika pogona. Kumeneko mwazi wao ungayesedwe ndi khosi kuunikidwa ndi makina. Koma makina asanayatsidwe, dotolo ayamba waima kumbuyo kwao, nawapatsa kapu ya madzi kuti ameze.